Tsiku Limene Ananditulutsa M'manda ndi Zingwe

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti Sinda yense anaimva kale, bola ndiinene ndekha.

Imvi zitayamba, ndinkadana nazo zoti anthu azinditchula agogo. Ndiye chaka chatha, pa maliro a alamu anga, amuna a mlongo wanga, atandilozera mpando pakati pa akuluakulu ndinapsa mtima. Ine kukhala ndi anthu a ndodo? Ndinatola khasu n'kutsatira adzukulu kokakumba manda.

Kwathu wamkulu amangoloza malo, okumba ndi achinyamata. A Phiri, otsogolera adzukulu, anandichonderera kuti ndikhale pamthunzi. Ndinawauza kuti ine ndinayamba kukumba manda iwo asanamere mano (zinali zoona, ndipo vuto lake linali lomwelo).

Dzenje litafika m'khosi, ndinalumphiramo. Khasu loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, ndinayamba n'kuimba mluzu. Lachitatu, msana unagwira. Ndinauma chowerama ngati munthu wofuna singano pansi, kuwongoka ayi, kukwera ayi.

Ndinanamizira kusalaza pansi (ndinasalaza ngodya imodzi yomweyo mpaka inawala). Kenaka nyimbo za amayi a mpingo zinayamba kumveka. Maliro anali m'njira.

Adzukulu mukuwadziwa, pakamwa sipauma ngakhale pa chisoni. A Phiri anasuzumira n'kunena kuti, "Bwanji madala, tikukwirireni limodzi? Alamu anu sananene kuti afuna wowaperekeza."

"Nditulutseni, ana anga," ndinatero chapansipansi. Kanali koyamba kuwatchula choncho.

Anandimanga m'khwapa ndi zingwe zotsitsira bokosi n'kuyamba kukoka. Mutu wanga, dothi lokhalokha, unatulukira pomwe bokosi linkafika, anthu onse akuona. Nyimbo inadukira pakati. Mlongo wanga, amene analira mwamuna wake masiku awiri osapuma, anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira. Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka akanangondibwezeramo.

Masiku ano ndimakhala pomwe andilozera. Kunena zoona, mpando wa akuluakulu si woipa: umalankhula pang'ono, anthu n'kumva, thukuta osatuluka. Koma manyazi aja sanathe, ndipo adzukulu salola kuti athe. Maliro akagwa m'mudzi, amayamba adzera pakhomo panga, makasu paphewa, kudzafunsa mwaulemu ngati ndipita nawo lero kapena ndidikira tsiku langa.

Ndimawayankha kuti atsogole, ine sindikufulumira.