Kabotolo ka Amuna Anga Kakudikira Katoni Idzaze

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Zoyezayeza, Chipatala Chachikulu

Wolemekezeka Bwana,

Ndiulule pachiyambi pomwe kuti sabata ino sindinaone tulo. Chandisowetsa mtendere ndi pemphero loipa limene ndinapemphera chifukwa cha inu.

Choyamba ndithokoze. Kwa zaka ziwiri chipatala chanu chakhala chikuwauza bambo a kunyumbawa kuti ndi zilonda za m'mimba chabe, n'kumawapatsa mapiritsi otafuna. Atafuna, bwana, kuposa mbuzi. Iwo ndi telala, ndiye buluku lawo alibweza okha kanayi. Ntchito simunawasowetse, Mulungu akudalitseni.

Chachiwiri, dokotala wina wachitsikana anawamezetsa kapaipi ka kamera, n'kutapa kanyama m'chifu, n'kukaika m'kabotolo. Akukayikira limfoma, khansa imene imakonda kutupitsa mwanabele, koma iyi yasankha m'chifu, zomwe akuti n'zosowa. Mitundu yake ndi yambiri, ina imamva mankhwala msanga ndithu, koma sangayambe chilichonse asanaone pepala lochokera kwa inu. Tinanyadira kuti nafenso pakhomo pathu papezeka chinthu chosowa.

Chachitatu ndi tchimo langa. Patatha miyezi itatu kuli zii, ndinanamiza mlonda kuti ndine mlamu wanu, n'kulowa. Kabotolo kaja ndinakapeza kali bwinobwino m'katoni, pansi pa tebulo, pafupi ndi ketulo. Mayi wa pamenepo anandifotokozera mwaulemu kuti mwa lamulo lanu, galimoto sipita kwa katswiri woyeza tinyamati katoni isanadzaze. Katoniyo imalowa mabotolo makumi anayi. Ndinawerenga kawiri: munali khumi ndi awiri. Nzeru zosungira mafuta ngati zimenezi ife kusekondale sitinaphunzire.

Ndiye Lamlungu m'tchalitchi ndinangozindikira ndikupempha Ambuye kuti enanso adwaleko, katoni idzaze. Ine, mayi wa kwaya! Abusa ndawauza. Akuti ndilape, komabe nawonso afunsa kuti kwatsala angati.

Choncho ndikugwada, bwana. Mwina m'sitolo yanu muli katoni yocheperako. Apo ayi, mundilole ndikanyamule ndekha kabotoloko pa basi, m'chikwama cha Baibulo. Sikatayika, ndi thupi la amuna anga.

Chonde mundiyankhe pasanathe masiku asanu. Lamlungu likubwerali ndikapempheranso, ndipo poti ndine munthu wofooka, sindingalonjeze kuti potchula oti athandize kudzaza katoniyo dzina lanu ndikalidumpha.

Ine wanu wochimwa koma woyamika,

Mkazi wa Telala