Foni Yanga Inakana Apongozi

Akulu, khalani bwino pampandopo, weramitsani mutu pang'ono. Eya, chomwecho. Inunso amene mukudikira pabenchipo, tamverani, chifukwa zimene zinandionekera ine sindifuna zionekere munthu wina, ngakhale wometa mnzanga wa kutsidya kwa msewuyo amene amandibera makasitomala.

Ine ndinali munthu wonyadira mutu wanga. Chiyambire kugwira foni, sindinasungemo dzina la munthu. Manambala onse ndinkasunga muno, m'chigazamu. Foni ikalira, kungoponya diso pa nambala ndadziwa kale kuti awa ndi akazi anga, awa ndi achimwene, awa ndi aja ogulitsa malezala. Anthu ankandifunsa kuti, "Ometa, bwanji osasunga maina?" Ine nkumati, "Zimenezo nza anthu a mitu yobooka."

Dzina limodzi lokha ndi limene linalimo, ndipo sindinalembe ndine. Mlamu wanga, mlongo wawo wa akazi anga, anatola foniyo tsiku lina ine ndikusesa tsitsi, nadzilemba yekha kuti "Alamu Okondedwa". Pofufutira sindinkapadziwa, ndiye ndinangozisiya. Mlamu ameneyu, inu, akaimba foni nkhani yake ndi imodzi, ya abakha. Akufuna kuweta abakha. Bakha alibe ngakhale mmodzi, koma maina anawapatsa kale onse, ndipo akayamba kukufotokozera khola lake khutu limachita kutentha.

Tsono vuto langa lenileni linali mafoni achilendo. Abale inu, ndinavutika! Mayi wina wa mawu okoma ankaimba m'mawa uliwonse kundigulitsa inshuwalansi ya maliro.

"Bambo, kodi maliro anu mwawakonzekera?"

"Mayi, ndikumeta munthu pano, sindinafe."

"Ndiye nthawi yabwino yokonzekera ndi imeneyo, bambo."

Wina ankati ndawina galimoto pa mpikisano umene sindinalowe. Koma katswiri wa onse anali mkulu wina wake wolakwitsa nambala. Iyeyo moni analibe. Ukangoyankha, "Kodi mbuzi ija yaswa?" Ndinamuuza kuti mwalakwitsa. Mawa lake, "Kodi mbuzi ija yaswa?" Tsiku lina nditatopa ndinati yaswa mapasa, kuti mwina andisiye. Ndinalakwa, chifukwa anayamba kuimba kufunsa ngati akuyamwa.

Ndiye tsiku lina pampando womwewu panakhala aphunzitsi a masamu, munthu waulemu wake, wofuna kungochepetsa m'mbali. Foni inali m'thumba la malayali. Makina ali pakhutu, foni ija ndiye njenjenje pachifuwa! Dzanja linadumpha lokha, makina anatsegula msewu kuchokera pakhutu mpaka paliwombo. Kuyankha foniyo, "Kodi akuyamwa?"

Aphunzitsi anadziyang'ana pagalasi. Panalibenso kuchitira mwina, ndinawameta mpala, mutu mbee, munthu woti mawa lake akaima kutsogolo kwa kalasi. Nditawathira paudala anati, "Tabweretsani foniyo." Anadinadina, nandibwezera.

"Kuyambira lero, nambala imene foni yanu siidziwa siizilira. Iziimba mwakachetechete, inu osamva."

"Zoona, aphunzitsi? Ngakhale wa mbuzi?"

"Ngakhale wa mbuzi."

Ndinawathokoza mpaka kuwaperekeza pakhomo. Inu mwaona kale pamene panali dzenje, koma ine sindinapaone. Foni imadziwa okhawo amene unawasunga. Ine ndinkayesa kuti zimene mutu wanga ukudziwa nayonso ikudziwa, poti timagona chipinda chimodzi. Onjezani apo kuti pamwamba pa sikilini ya foniyi pali chibanga chakuda chiyambire pamene inagwera m'beseni losukira zipeso, ndipo chibangacho chili penipeni pamene pamaoneka kuti munthu anakuimbira.

Mtendere umene unabwera, inu! Wa maliro zii. Wa galimoto zii. Wa mbuzi zii. Ndinkameta ndikuimba mluzu, ndinanenepa ndi pakhosi pomwe. Aliyense wokhala pampandopa ndinkamulalikira kuti, "Foni iyenera kudziwa mwini wake ndani." Amene ankalira ndi mlamu yekha ndi abakha ake, koma iyeyo ndinkangomudula ndi chala.

Zinayamba kununkha tsiku limene ndinapita kuntchito ndi makiyi onse awiri a kunyumba. Madzulo ndikufika, ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde ndi mwana, zogula zili pansi, nyama itayamba kuitana ntchentche.

"Bambo a mwana, foni yanu yatani? Ndaimba mpaka chala chatupa."

Ndinaitulutsa, kuiyang'ana, ili phee ngati mwana wosalakwa.

"Ndi netiweki, mayi a mwana. Masiku ano yavuta dziko lonse."

"Nanga achimwene akuti akaimba ikumalowa, inu nkumadula?"

"Iwo aja amakhala pamtunda."

Anandiyang'ana ndi diso lija limene okwatira nonse mukulidziwa, koma anangoti, "Chabwino." Kenaka anandikhazika pansi nandiuza nkhani yaikulu. Amayi awo, apongozi anga, akubwera Loweruka kudzacheza, Lolemba nkubwerera. Apongozi amenewa chikwatirire ine anali asanapondepo pakhomo panga. Ukwati wathu sanaufune. Ankati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wodyera mitu ya anzake, komanso kuti nkhope yanga njosadalirika.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukuikirani kumbuyo," anatero akazi anga. "Ndawauza kuti mukawachingamira kudepoti inuyo, muwanyamulire chikwama, aone okha kuti ndinakwatiwa ndi munthu. Mukandichititsa manyazi, ndikunenetsa, ndibwerera nawo pa basi yomweyo."

Sankaseka. Ine akazi anga ndimawakonda, ndipo mantha anandigwira ndithu. Ndinalumbira kuti apongozi akatsika basi, phazi lawo loyamba lidzaponda pa mthunzi wanga.

Loweruka, tsiku limene muno mumadzaza mpaka pakhomo, ine ndinatseka shopu. Ndinadzimeta ndekha, ndevu kuzilinganiza, jekete ya paukwati, nsapato zopolisha mpaka kuonamo mano. Kudepoti ndinafika basi isanaganize nkomwe zofika. Ndinaima poonekera, chifuwa patsogolo, foni m'manja.

Mabasi akulowa, anthu akutsika, apongozi kulibe. Foni yalira. Kuyang'ana, "Alamu Okondedwa". Ndinati lero lokha ayi, abakha adikire, nkudula. Yaliranso, nkudula. Mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Yaliranso. Ndinafika poilankhula foniyo mokweza kuti, "Alamu, ndili pa ntchito yaikulu, mukufuna mutseke laini apongozi akamaimba?" Nkudulanso, ndikudziona wanzeru.

Kenaka ndinaona mayi wina wathupi akutsika basi chafutambuyo, duku lobiriwira ngati limene apongozi anavala paukwati, chikwama chachikulu m'manja. Ndinathamanga, nsapato zikuterereka, ndinagwira chikwama chija ndi ulemu wonse.

"Amayi, takulandirani, siyirani ine!"

Anatembenuka. Sanali iwo.

"Wakubaaa!"

Ambulera inatera pamutu pomwe ndinameta bwino paja. Makondakitala anandizungulira, wina wagwira jekete, wina lamba. Chimene chinandipulumutsa nchakuti mmodzi wa iwo ndimam'meta ine. Anati, "Asiyeni awa ndi ometa, sangabe chikwama, amangoba tsitsi." Anandisiya, koma jekete inatsala ndi mkono umodzi wolendewera.

Ndinadikirabe mpaka mvula inakata, ogulitsa nthochi anayamba kulongedza. Mumtima ndinayamba ndi kukondwa komwe. Ndinati apongozi asintha maganizo, ndipo wosadalirika lero ndi iwowo. Ndinanyamuka ulendo wa kunyumba ndikukonza mawu odandaula oti ndikanene.

Kutsegula chitseko, inu, ndinalakalaka ndikanatsala m'manja mwa makondakitala aja. Apongozi ali pampando wanga, atafunda bulangete langa, mapazi m'beseni la madzi otentha, pa duku pali nthenga za nkhuku. Mlamu waima pambali, wanyowa ngati bakha wake woyamba. Akazi anga manja m'chiuno.

"Munali kuti?"

"Kudepoti, mayi a mwana. Onani jeketeyi."

Anandifotokozera mmodzimmodzi, mosathamanga. Basi inafera polowera m'tauni, pafupi ndi pothirira mafuta. Apongozi anandiimbira mpaka foni yawo inatha moto. Anabwereka ya kondakitala, zii. Anabwereka ya mayi wogulitsa malalanje, zii. Atawadziwitsa akazi anga, nawonso anandiimbira kuchokera kunyumba, zii. Ndiye anatuma mlamu kuti andiimbire, poti yake imalowa, ine nkumamudula. Mapeto ake mlamu anapita yekha, ndipo galimoto imene inapezeka pamvulapo inali lole yonyamula nkhuku.

"Bweretsani foniyo," anatero akazi anga.

Anadina pamene ine sindidinapo, ndipo panatuluka mndandanda wofiira wosaoneka mathero. Nambala yawo, ya amayi awo, ya achimwene anga, ya mkwati wina amene ankafuna ndikamete anyamata ake onse a paukwati, ndi wa mbuzi yemwe analipo. Ndinayesa kufotokoza za aphunzitsi, kuti foniyo imangokana alendo okha.

"Alendo?" Anatsegula pa maina, napeza limodzi lija. "Ndakuphikirani zaka zonsezi, mwana ndakuberekerani, foni yanu ikundiyesa mlendo? Ndipo okondedwa m'nyumba muno ndi achimwene?"

"Inu muli mumtima, mayi a mwana. Muli m'mutu."

"Mutu wanuwo unalira liti kuti mumve?"

Mlamu anakhosomola. "Alamu, pajatu ndimafunanso tikambe za khola lija."

"Khala chete iwe!" anatero onse awiri, mayi ndi mwana.

Manyazi anandigwira. Akazi anga analowa kuchipinda, ndipo ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Apa ndinadziwa kuti banja latha chifukwa cha mbuzi ya munthu amene sindinamuonepo. Ndinagwada pafupi ndi beseni lija, mkono wa jekete uli lende.

"Amayi, ndalakwa. Ndithandizeni, asapite."

Apongozi anatulutsa phazi limodzi m'madzi, nalipukuta ndi thaulo langa lakumaso, mosafulumira. Anachotsa nthenga pa duku, naiyang'ana, kenaka anaitana mwana wawo.

"Bweza sutikesiyo, mwananga. Munthu uyu si woipa, ngopusa chabe. Ukamusiya adzafera m'nyumba muno anthu osadziwa, poti foni sayankha."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati, "Zikomo amayi, Mulungu akudalitseni, Lolemba ndidzakuperekezani ndekha mpaka pampando wa basi."

"Lolemba lake liti? Ine ndipite kutali, ndizikaimba foni yosalira? Ayi bambo. Ndikhala konkuno. Chilichonse chimene ndikanakuuzani pa foni, ndizikuuzani pamaso."

Akulu, mvula ija inatha, kunabwera dzinja lina, adakalipo. Akazi anga sanachoke, zimenezo ndikuthokoza. Maina ndinasunga onse, foni ikulira bwinobwino, ndinawaonetsa ndi kuwaonetsa, koma iwo akuti zamakono sazikhulupiriranso. Mchere ukatha kunyumba, saimba, amabwera. Mwana akakhosomola, amabwera. Akakumbukira chimene ndinalakwa chaka chatha, amabwera, nkukhala pabenchi pomwe mwakhalapo inupo mpaka ndimalize mutu umene ndikumeta.

Dikirani kaye. Taonani pagalasipo, amayi a duku lobiriwira akuwoloka msewuwo. Ndi omwewo! Sunthani pang'ono muwasiyire malo, ndipo akafunsa, timakamba za mpira.