Nsanza zofiira m'nkhalango ya kwathu

Mukadzamva kuti cha ku Guilleme kuli mkulu wina amene ana amati akamuona amapatuka njira, musavutike n'kufunsa, ndine ndemwe. Sindinalodzepo munthu, ngakhale nkhuku. Mlandu wanga unali wofuna kuti anthu aziyenda m'nkhalango mongopitidwa mphepo.

Nditapuma pantchito ku Lilongwe ndinabwerera kumudzi n'kupeza kankhalango kathu ka kutsidya kwa dambo kakutha. Ootcha makala anali atamaliza miwanga, tsopano ayamba misuku. Komiti yoteteza nkhalango inalipo ndithu, koma inkakumana pokhapokha kukabwera alendo a galimoto. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa masuku a m'menemo ndi amene anandilera.

Kutauni ndinaonapo malo otetezedwa kumene anthu amayenda m'tinjira tokonzedwa bwino, zizindikiro zili m'mitengo kuti asasochere. Ndinati basi, mankhwala ake ndi amenewa. Anthu akazolowera kuyendamo, wakuba mitengo adzasowa pobisala.

Mayi a kunyumba anandichenjeza. "Inu bambo, kuno munthu amalowa m'tchire akafuna nkhuni, bowa kapena kudzithandiza. Woyenda chabe anthu amamufunsa mafunso."

Ine ndikatsimikiza chinthu makutu amatseka (iwo amati ndi matenda a ku mtundu kwathu). Ndinatenga chikwakwa n'kulambula njira yozungulira nkhalango yonse, msana ukulira. Zinatsala zizindikiro. Penti ndinalibe, choncho ndinang'amba chitenje chawo chakale chofiira, n'kuwonjezera nsalu yakuda ya ambulera yothyoka, nsanzazo n'kuzimangirira m'mitengo. Yofiira inkatanthauza njira yaitali, yakuda yachidule. Pamphambano ndinaganiza zojambula muvi pansi ndi phulusa. Ndipo pofuna kuti anthu adzangoona zatheka, ndinkagwira ntchitoyi m'mamawa, mame asanakamuke.

Mmawa wina aNaphiri, mayi wa m'mudzi mwathu amene amazula bowa, anandipeza nditanyonyomala pamphambano. Ndinali ndikuwaza phulusa, nsanza zofiira zili m'khosi, ndikulankhula ndekha (ndinkangodzifunsa ngati muviwo uloze kumanzere kapena kumanja).

"Mwadzuka bwanji aNaphiri?" ndinawalonjera mwansangala.

Anabwerera chafutambuyo, dengu la bowa n'kulisiya pomwepo. Ine ndinangoti mwina aiwala china kunyumba, ndipo dengulo ndinakawatulira pakhomo pawo. Ndinamva pambuyo pake kuti analitentha.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinalengeza kuti masana tikatsegulira njira yoyendamo, aliyense abwere. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Ndinakaima polowera nkhalango nditavala nsapato za pakaunjika, botolo la madzi lili m'manja, mpaka dzuwa linapendeka. Sikunabwere munthu. Ndinayenda ndekha njira yaitali, kenako yachidule, kuti nsalu zonse zigwire ntchito.

Maso anga anatseguka pamene Filipo, katswiri wootcha makala, anafika pakhomo akutsimphina n'kugwada pabwalo.

"Bambo, ndimasuleni. Ndinadula mtengo umodzi wokha wa nsanza yofiira. Onani mwendowu."

Mwendo unali utatupadi, koma chifukwa chake chinkaoneka ndi maso, anadzibaya ndi chitsa ndipo bala linali litayamba mafinya. Ndinamuuza kuti palibe chimene ndinamanga, akwere kabaza apite kuchipatala ku Boma. Anapita, anachira, n'kumauza aliyense kuti mkulu uja ndi woopsa koma amakhululuka.

Nkhani inafika ku mphakati, kumene timakumana akhristu a m'dera lathu. A Zulu, apampando athu, analankhula mosamala ngati akusenza mazira.

"Bambo, ife sitikunena kuti ndinu otero ayi. Koma nsalu yofiira, ina yakuda, phulusa pamphambano, m'mamawa. Mukanakhala inu mwaona zimenezi, mukanati n'chiyani?"

Ndinafotokoza za ku Lilongwe mpaka kukhosi kunauma. Ndinaonetsa chigamba chotsala cha chitenje chija, ndikuyembekeza kuti mayi a kunyumba andiikira kumbuyo. Anaimirira n'kunena kuti, "Chitenjecho n'changa, ndipo sanandipemphe." Anakhala pansi. Chipinda chonse chinang'ung'udza, poti aliyense amadziwa kuti zinthu zoterezi munthu sapempha.

Tinagwirizana kuti ndikachotse zonse masanasana, anthu akuona. Ndinachitadi zimenezo. Anthu anabwera ambiri, kungoti anaima kutsidya lino la dambo, ine ndikumasula nsanza n'kumazikweza m'mwamba kuti aone. Phulusa ndinalisesa ndi nthambi. Ndinagona mtima uli m'malo, ndikuti dzina langa layera.

Sabata isanathe mbiri inamveka kuti mkulu uja wachenjera, wazichotsa m'mwamba n'kuzikwirira pansi. Kale munthu ankadziwa mtengo woupewa. Tsopano ungadziwe bwanji?

Kuyambira pamenepo nkhwangwa sinalirenso m'nkhalango muja. Zitsa zaphukira, masuku akungogwa okha, bowa akuwolera momwemo. Njira ndimailambulabe, ndipo ndimayendamo ndekhandekha, popanda womupatsa moni. M'tchalitchi benchi yanga imakhala ndi malo ambiri, ngakhale pa Pasaka. Kunena zoona zimandipweteka. Ndinkafuna nkhalango yokhala ndi anthu, akuseka, akutola masuku, osati yangayanga.

Ndiye ndinalumbira kuti ndidzafotokozera munthu mmodzimmodzi mpaka onse amvetse. Mwayi unapezeka posachedwapa. Bambo wina wa ku Mavwere anandiimitsa pamsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, tandiuzani zoona ngati mkhristu mnzanu. M'nkhalango muja mulibedi kanthu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilumbire, mtima ukuti lero ndapeza wondikhulupirira. Kenako anawonjeza kuti akumanga chigafa cha fodya, ndipo mitengo ya milimo kwawo inatha kalekale.

Ndinaganiza za misuku ija.

"Kayeseni," ndinatero.