Zikomo Chifukwa cha Panado wa Millie

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Mankhwala,
Kulikulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine sukulu ndinalekera panjira, choncho mukapeza mawu opindika muwaongole nokha.

Mwana wanga Millie ali ndi zilonda zapakhosi. Thupi latentha, ndipo malovu omwe akumeza ngati minga. Adokotala athu ataunikamo ndi tochi ya foni yawo, anati pafunika mankhwala opha tizilombo, amwe masiku khumi osadumphitsa, apo ayi matendawa amatha kukawononga mtima. Kenako anatsegula kabati ya mankhwala. Zomwe ndinaonamo ndi zomwe zandichititsa kuti ndikuthokozeni.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ukhondo wa m'kabatimo. Muli mbee, ngakhale mphemvu zinasamuka.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha Panado. Wodwala mutu Panado, wothyoka mwendo Panado, wothawidwa ndi mkazi Panado. Millie nayenso walandira, ndipo tizilomboto tikuoneka kuti tamukonda Panadoyo, chifukwa tikungonenepa.

Chachitatu, chipepala chokongola chija munamata kukhoma, chotilangiza kuti tizimaliza mankhwala onse. Bwana, timaliza bwanji zomwe sitinayambe? Kuno tinazolowera kugawana. Mayi Ernestina, oyandikana nafe, amasiya kumwa akangopezako bwino, otsalawo n'kumanga pansonga ya chitenje kusungira anzawo. Atigawirako makapisozi awiri a chaka chatha. A Lyson, oyendetsa kabaza, abweretsanso ena ochokera kumalire ku Muloza, oyanikidwa padzuwa, olembedwa Chipwitikizi. Kaya ndi apakhosi kaya ndi a nkhuku, mwina inu ophunzira mungatiwerengere. Adokotala atiletsa zonsezi, ndipo sakunama. Ndiye mwana akungondiyang'ana, ine n'kumayang'ana kudenga. Kuseka ndikuseka, Bwana, koma mantha andigwira.

Tamva kuti mankhwalawo alipo, kungoti galimoto ilibe mafuta. Pepani kwambiri, tisakuvutitseni. Ine ntchito yanga ndi yosenza katundu wa alendo ku Likhubula, kukwera naye phiri. Ndinasenzapo mabokosi a mowa wa mabwana anzanu mpaka pamwamba, osaswa ndi botolo limodzi lomwe, ndipo tsiku limenelo mafuta anapezeka. Ingondiuzani pomwe katoni ya mankhwalawo yakhala, ndibwera wapansi kudzaisenza.

Ngati nazonso n'zovuta, ingolembanipo kuti ndi mowa. Ifika mawa.

Ine wantchito wanu wosayenera,
Simeoni, bambo a Millie