Singano Khumi ndi Ziwiri za a Nachisale

Lolemba

Ndine Zakeyu Mbewe, mkamwini wa kuno kumtunda kwa Chisepo. Zaka zanga amati makumi asanu ndi awiri. Amene anawerenga anamwalira, ndiye sinditsutsa. Zilembo ndinaziphunzira nditamera kale imvi, ku sukulu ya kwacha, n'chifukwa chake ndimalemba ngati ndikubzala chimanga, phando limodzilimodzi.

Nkhani ndi ya akazi anga, a Nachisale. Ndimawaposa ndi zaka makumi awiri. Chaka chatha anasiya kupita kumwezi, ndipo chiyambire pamenepo thupi lawo limangoyaka. Juni uno mphepo ya kuphiri ikuluma mpaka m'mano, iwo thukuta lili kamukamu. Tulo palibe. Mwezi wachitatu uno akugona okha kukhitchini, pa chiguduli. Akuti ndimatentha ngati uvuni wa njerwa. Ine! Munthu wa mapazi ozizira ngati a chule!

Mlamu wanga Fanuelo wabwera ndi nkhani. Pa kachipatala ka mishoni kutsidya kwa mtsinje pali sisitere wa ku Koreya. Amabaya amayi otere ndi singano zopanda mankhwala, ndipo amakagona. Lachisanu lino ndi lomaliza, kenako abwerera kwawo.

Tipita. Mphasa yandikulira.

Lachiwiri

Ndawauza. Avomera! Akuti, "Zitsamba ndamwa, mapilitsi ndamwa. Kubayidwako n'chiyani?"

Ndafunsa Fanuelo kuti singanozo zimakhala zingati. Akuti khumi ndi ziwiri, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anaziona? Ayi, anamva kwa mayi wina m'minibasi. Chibwerere zipani zambirizi aliyense ali ndi pakamwa.

Koma ndaganiza mofatsa. Wailesi tsiku ndi tsiku ikuti tisabwerekane singano kapena lezala chifukwa cha matenda aja atha anthuwa. Ngakhale wotema mphini masiku ano amati bwera ndi lezala lako. Ndiye singano zimene zalowa m'matupi a amayi a Dowa yonse zikalowe mwa a Nachisale? Ayi ndithu. Tipita ndi zathu.

Sindiwauza. Akaone okha kuti ali ndi mwamuna woganiza.

Lachitatu

Zimene ndapeza:
zosokera fodya, zinayi (imodzi yopindika, ndaiwongola);
yosokera matumba, imodzi;
yosokera mphasa, imodzi, yaitali bwino.

Zatsala zisanu ndi imodzi. Ndachotsa masipoko a njinga, gudumu la kutsogolo, poti iwo adzakhala kumbuyo. Masana onse ndikunola pamwala m'chigafa.

M'chigafa momwemu ndi momwe timasokera fodya awiriwiri mwezi wa Febuluwale. Iwo amasoka masamba anayi ine ndikadali pa limodzi, kwinaku akuimba pansipansi, phewa lawo litagunda langa. Chaka chino anakhala patali, akudzikupiza ndi tsamba la fodya.

Sindifuna zambiri. Kungomva munthu akupuma pambali panga, basi.

Lachinayi

Zavuta!

Ndikuwiritsa singano zanga mumphika kuseri kwa nkhokwe kuti ndiphe tizilombo. A Nachisale atulukira ndi ndowa pamutu. Asuzumira. Atula ndowa. Avuula ya mphasa ija ndi kamtengo, aiyeza ndi mkono wawo.

"Bambo, izi n'za chiyani?"

"N'zanu, za mawa."

"Iyi ya pati?"

Ine bodza limandichedwa. Ndati mwina ya pamsana.

"Zaka makumi atatu ndikukuphikirani, lero mwandiona ngati belo la fodya?"

Ndayamba kufotokoza za wailesi, koma ine pofotokoza ndimayambira kutali. Ndisanafike pa lezala, iwo amanga kale kamtolo. Akuti akupita kwa mng'ono wawo ku Malomo. "Kumeneko mwina ndikagona, kopanda wondinolera."

Ndakwera njinga kuti ndiwatsatire kumsewu. Gudumu lapindika ndisanapitirire khola la mbuzi.

Lachisanu

Ndapita ndekha, wapansi, singano zili m'kansalu. Ndati asisitere akazione, akavomereze, ndikhale ndi mboni.

Pamzere amayi okhaokha. Wina akuti, "Agogo, nanunso mwasiya kupita kumwezi?" Benchi lonse kugwa nako kuseka. Ndangoyang'ana chipewa changa.

Asisitere ndi munthu wamfupi, Chichewa chawo n'chapang'onopang'ono ngati changa. Ndamasula kansalu. Agwira pakamwa. Aitana anamwino, nawonso agwira pakamwa. Kenako andionetsa zawo. Kuonda ngati ubweya wa kumchira kwa ng'ombe! Iliyonse m'kapepala kake komata, ikabaya munthu mmodzi amaitaya. Zoti n'kubwerekana palibe.

Ndapempha kuti andibaye ine, ndikathe kuuza a Nachisale zoona zake. Pamkono, pakhutu, pakati pa nsidze, pamapazi. Kuwawa kwake sikufika ngakhale pa nyerere. Andiuza kuti ndigone chagada pang'ono.

Ndadzuka dzuwa litapendeka, amayi onse atapita. Tulo ta akazi anga ndagona ine!

Ndapempha singano zoti ndipite nazo. Akana, akuti pamafunika wodziwa malo ake. Akuti si onse amathandizika, ena amagona, ena ayi. Akuti kutenthaku si kulodzedwa, si kudana ndi mwamuna, kumadzazirala pakapita nthawi. "Bulangete lawo, bulangete lanu. Ndipo mphepo izilowa. Zenera lilipo?"

Kuchipinda kwathu kulibe zenera. Ndinamanga ndekha nyumbayo, ndipo ndinkanyada kuti simulowa mphepo.

Loweruka

Galimoto ya mishoni yadutsa m'mawa, asisitere ali kutsogolo ndi masutikesi. Ndakweza dzanja. Sindikudziwa ngati andiona.

Masipoko akukana kubwerera m'gudumu. Ndinanola mbali ya mazinga.

Fanuelo akuti, "Alamu, mukanandifunsa." Ndamuyang'ana mpaka wachoka.

Ndatenga kakhasu. Ndagumula khoma la kuchipinda, mbali imene amagona iwo. Ndimafuna kuchotsa njerwa zinayi, zatsika zisanu ndi zinayi. Nkhuku yalowera pomwepo kudzaona.

Kukhitchini chiguduli chawo chili chopinda bwinobwino pakona. Ndachikutumula, ndachipindanso momwe anachisiyira.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a kwaya akundiyang'ana n'kumagwirana. Nkhani yafika kale. Wina wandifunsa ngati ndimasokanso anthu.

Singano zapita ku Koreya. Njinga yafa. Khoma lili ndi bowo loti mbuzi n'kudutsa, ndipo ndadzuka khosi litauma. Zatheka ndi zomwezi.

Pali mayi wogulitsa nyemba amene akupita ku Malomo mawa. Nding'amba masamba a m'kope ndalembawa ndimupatsire, poti pakamwa ndimachedwa.

A Nachisale, mwawerenga zonse. Singano zija sizinali za nkhanza, unali umbuli. Zenizenizo ndi zazing'ono, koma ndakuphonyetsani, ndipo sindidziwa kumene tingazipezenso. Chimene ndili nacho ndi zenera. Ndi loipa maonekedwe, koma mphepo yake ndi ya kuphiri yeniyeni. Ine ndizivala jekete ndi masokosi, ndizigonera kukhoma linalo, sindikukhudzani.

Mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi, mumupatsire mayi yemweyu pobwerera Lachitatu. Zilembo zikhale zazikulu. Mungondiuza ngati kumeneko mukugona. Ngati mukugona, bakhalani kaye, musafulumire chifukwa cha ine. Ngati simukugona, bwerani tizidzakhala maso awiri.