Bondo la Atelala ndi Makapisozi a Dzira

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mawondo Atsopano.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, poti m'nyumba muno wotha kugwada ndatsala ndekha. Ndine mkazi wa telala, mayi wosapita patali ndi sukulu. Ndati ndikuthokozeni chifukwa cha makapisozi anu opangidwa ndi kachikopa ka m'kati mwa chigoba cha dzira, amene amuna anga akumwa kuti bondo lakumanja lisiye kupweteka.

Choyamba, zikomo potitsegula m'maso. Kani zaka zonsezi tinkataya mankhwala kudzala! Pano amuna anga, pofuna kuthandizira makapisozi anu, amasenda okha kachikopako ndi nsonga ya sizasi, n'kukayanika pa tebulo lodulira nsalu. Mazirawo timadya ndife, m'mawa ndi masana. Ana akangoona dzira amathawa, ndipo za mpweya wa m'nyumba muno ndisanene, alendo sakhalitsa.

Chachiwiri, ndigwadire amene analemba kapepala ka m'bokosi, kakuti ululu ukakula ndiye kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito. Koma ndiye nzeru! Bondo latupa mpaka buluku sililowa, atelala eni ake achita kulitumbula msoko. Makina awo osokera, opalasa ndi miyendo, akutidwa ndi fumbi pakona. Dzulo mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka, amuna anga n'kumamuuza akumwetulira kuti akupezako bwino.

Chachitatu ndi chipatala. Adokotala anawaitana kuti akajambule bondolo, iwo sanapite, chifukwa kapepala kanu kakuti munthu apirire miyezi itatu. Ndinapita ndekha kukapepesa. Adokotala sanandibisire: tikachedwanso, bondolo liuma, ndipo makina aja sadzawapalasanso. Atipatsa tsiku lina, Lachinayi likudzali. Amuna anga akuti sapita, kwatsala masabata asanu okha kuti achire.

Ndakalipa, ndalira, ndaitana ndi alongo awo omwe. Palibe chaphula kanthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala nawo pabanja, mawu anga sanalemerepo ngati kapepala kanu konyezimira, kamene amakasunga m'thumba la pamtima. Nsanje ndili nayo, Bwana, sindibisa. Koma mantha ndiwo andikulira.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, losayenera n'komwe munthu wamkulu ngati inu. Poti amamvera inu nokha, alembereni mzere umodzi pa pepala lanu lokongolalo, wakuti Lachinayi apite kuchipatala. Ndikudziwa kuti kulemba zoona si ntchito imene alembi anu anazolowera, ndipo sindifuna kuwatopetsa. Mawuwo ndilemba ndine, inu mungosaina.

Ine wanu wosatopa kuphika mazira,
Mkazi wa telala.