Mphuno ya a Doroy

Mukafika ku Kalasag, mudzi wina wa pachilumba, n'kufunsa za malemu a Doroy, anthu ayamba ndi kukuuzani za mphuno yawo. Inali yaikulu ndithu, koma inatchuka chifukwa cha ntchito yake. Inkanunkhiza chiwaya chili tsidya la mtsinje n'kudziwa ngati nsomba ikukazingidwa ndi mafuta a kokonati kapena ndi mafuta otchipa a kanjedza aja, ochokera kunja, a m'timapaketi. Ikangodziwa, mwini wake ankavala chipewa n'kuuyamba ulendo. Akazi awo, a Pising, ndiwo ankatsatira m'mbuyo kukapepesa, ndipo anapepesa zaka makumi anayi.

A Doroy anali ndi mitengo ya kokonati mazana awiri yomwe anawasiyira bambo awo. Ankathyola ndi nsungwi yaitali ya chikwakwa kunsonga, kusenda, kuswa, n'kuumitsa nyama yake pa utsi mpaka isanduke kopra yogulitsa kwa oyenga mafuta. Ankanunkha utsi ngakhale atasamba, moti a Pising ankati anakwatiwa ndi nsomba yowamba.

"Kale m'dziko muno," ankatero a Doroy, "khanda linkadzozedwa kokonati, kukula ndi kokonati, kukalamba mano onse ali m'kamwa. Lero kopra yathu ikukwera sitima kukanenepetsa anthu akutali, ife n'kumanyambita mafuta onunkha sopo!"

Tsiku lina m'mawa analowa m'khitchini mwa a Mameng, oyandikana nawo nyumba, osanena n'komwe odi.

"Alamu, mukukazinga chiyani?"

"Mabiringanya."

"Mabiringanyawo anakulakwirani chiyani?"

"A Doroy, botolo la mafuta a kokonati ndiligule ndi chiyani? Mano?"

"Makokonati ali mbwee pabwalo panupa! Palani, finyani, wiritsani!"

"Bwerani mupale ndinu. Ine ndili ndi ana asanu, msana umodzi."

A Doroy anakhaladi pansi n'kupala makokonati khumi uku akulalata, a Mameng atatambalala n'kumadzikupiza. Mbiri itamveka, amayi a m'mudzimo anayamba kutenthetsa dala kadontho ka mafuta akunjawo pafupi ndi windo akafuna wowapalira.

"Bambo a Nestor, anthuwa akukudyerani masuku pamutu," anatero a Pising.

"Adye! Bola m'mimba mwawo mukulowa chakudya cha anthu."

Pa ukwati wa Nestor, mwana wawo yekhayo, akuchikazi anabweretsa wophika wa m'tauni. Wansembe atangokweza dzanja kuti adalitse chakudya, a Doroy anadzambatuka.

"Abambo, dikirani! Nkhukuyi yachimwa."

"Mulungu amakhululuka, a Doroy."

"Mulungu inde, koma mimba yanga ayi."

Anatulutsa m'thumba la jekete theka la kokonati ndi supuni, n'kuyamba kupalira pa mpunga wawo pamaso pa alendo onse. A Pising analakalaka nthaka itang'ambika.

Kuchipatala nakonso sanasiyeko mbiri yabwino. Dokotala wachinyamata atawauza kuti achepetse mafuta a kokonati, iwo anamuyang'ana ngati watukwana.

"Adokotala, bambo anga anamwa mafuta amenewa zaka makumi asanu ndi anayi, osatsokomolako."

"Nanga chinawapha n'chiyani?"

"Linawagwera kokonati pamutu."

"Ndiye kuti linawaphabe ndi kokonati lomwelo," anatero a Pising. A Doroy anavala chipewa n'kutsogola kubwerera kunyumba.

Kenako kunabwera namondwe wamkulu. Kutacha, theka la mitengo yawo linali pansi, yotsalayo itameteka mpala. Isanachire n'komwe, tizilombo tinagwira masamba mpaka anachita chikasu. Zaka zimene mitengo inabereka, mtengo wa kopra unagwa. Zaka zimene unakwera, munalibe chothyola. Anthu anayamba kugulitsa mitengo yawo kwa ocheka matabwa. A Doroy ankaima pamsewu kutukwana malole onyamula mitengoyo, madalaivala n'kumawaimbira hutala pomawaseka.

Nestor anabwera kudzawachonderera.

"Ababa, mitengoyi yakalamba. Tigulitseko, tigule njinga yamoto yonyamula anthu."

"Inenso ndakalamba. Yamba kucheka ine."

Koma utsi wa zaka zonse zija unali utawadya chifuwa. Nsungwi inayamba kuwalemera, kenako ngakhale kupala kunawakanika. A Pising nawo zala zinali zitapindika ndi nyamakazi. Tsiku lina, mozemba ngati wakuba, anagula kapaketi ka mafuta akunja, n'kutsanulira m'botolo lakale la mafuta a kokonati. Anakazinga nsomba, n'kuyika mbale patsogolo pa amuna awo, n'kudikira mkuntho.

A Doroy anadya. Anatsuka m'manja n'kunena kuti zikomo.

A Pising anapita kuseri kwa nyumba n'kukalira, poganiza kuti mphuno ija yafa. Miyezi itatu anaphika chomwecho, amuna awo osanena kanthu. Tsiku lina masana, a Doroy ali gone pa benchi ya pakhonde, anawaitana.

"Mayi a Nestor, muzingosiya mafutawo m'kapaketi momwemo. Mukuvutika n'kutsanulira, zala zikukupwetekani."

"Kani mumadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Ndinawamva musanalowe n'komwe pageti."

"Ndiye osalankhula bwanji?"

"Ndikanalankhula mukanapala. Ndinaziona zala zanuzo." Anatsokomola nthawi yaitali. "Koma musawauze a Mameng. Angandiseke mpaka kumanda."

Anamwalira patapita milungu iwiri. A Mameng ndi anzawo anapala makokonati tsiku lonse kuphikira anthu a pamaliro, ndipo a Mameng anawauza a Pising kuti aka n'koyamba makokonati kupalidwa popanda wolalata, koma sizikukoma.

Chaka chisanathe, Nestor anaitana ocheka matabwa. A Pising sanamuletse. Mwanayo anali ndi ana akeake ofuna kudya. Macheka analira milungu itatu. Ng'anjo youmitsira kopra anaifolera malata, ndipo tsopano mumagona njinga yamoto.

Masiku ano ku Kalasag kumatentha. Dzuwa limalowa mpaka m'makhitchini momwe kale munali mthunzi tsiku lonse, ndipo mphepo ikaomba sumvanso masamba akuwayula pamwamba. Achinyamata ambiri anapita kumzinda waukulu wa Manila. Loweruka lapitali a Pising anakwera njinga ya mwana wawo kupita kumsika wa m'tauni, atalakalaka ndiwo za mkaka wa kokonati. Wogulitsa anawatchulira mtengo, n'kuwauza kuti makokonatiwo ndi abwino, abwera pa boti kuchokera kuchilumba china. A Pising analinyamula limodzi, kuligwedeza pakhutu kumvera madzi ake, n'kulibwezera pamulu pomwepo.